Galu wanga sachedwa kutsekula m'mimba, ndizimudyetsa chiyani?

Mayi wa ku Chilenje:

Moni nonse. Ndili ndi galu wamwamuna wa zaka 3, German Shepherd wosakanizika ndi wachikuda, amalemera makilo 25. Vuto lake ndi m'mimba. Sabata ina ali bwino, sabata ina chimbudzi chamadzimadzi, usiku m'mimba mumangolira, mpweya womwe amatulutsa simungakhale naye pafupi. Nthawi zina m'mawa amasanza thovu lachikasu asanadye kanthu, kenako n'kumakadya udzu. Sanafooke, akusewera komanso akuuwa bwinobwino, koma thupi silikubwera.

Amadya nsima ya roller meal yophikira pamodzi ndi sawdust wa kubutchala (zinyenyeswa zogwa pocheka nyama), kamodzi pa tsiku madzulo, kuphatikiza zotsala za patebulo. Ndalama zikapezeka timamugulira chakudya cha m'thumba, koma nachonso amatsekula nacho ngakhale tasinthasintha mitundu. Ena akuti ndi chimanga, ndisiye nsima. Ena akuti ndigule thumba lolembedwa kuti sensitive, koma mtengo wake ndi woopsa. Odziwa ndithandizeni, ndiyambire pati, nanga ndizimupatsa chochuluka bwanji?

Wa zaziweto ku Chelstone:

Amayi, ndalama ya thumba la sensitive ija muisunge kaye. Choyamba n'kutsimikiza kuti vutoli likuchokeradi m'mbale. Galu amene ali ndi njoka za m'mimba kapena tizilombo totchedwa giardia amatsekula mwa apo ndi apo monga mwafotokozeramu, ndipo ngakhale mumugulire chakudya chodula chotani sasintha. Giardia amamutengera m'madzi a m'zithaphwi ndi m'ngalande, n'chifukwa chake vutoli limakula mvula ikayamba mu Novembala.

Tengani chimbudzi chake cha tsiku lomwelo, pang'ono chabe, muike m'kabotolo kotsuka bwino mupite nacho kwa dokotala wa ziweto. Kusukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel ku yunivesite ya UNZA, pa Great East Road mu Lusaka, kuli chipatala cha ziweto, ndipo a veti ena m'tauni muno amapimanso. Dziwani kuti giardia saoneka nthawi zonse akapima chifukwa satuluka tsiku lililonse, ndiye madokotala ambiri amapereka fenbendazole ngakhale asanamuone. Mlingo wake ndi 50 mg pa kilo iliyonse ya galu, kamodzi pa tsiku, masiku 3 mpaka 5. Kwa wanuyo ndi 1,250 mg pa tsiku. Werengani pabotolo: akalemba 100 mg pa ml mumupatse 12.5 ml, akalemba 50 mg pa ml mumupatse 25 ml. Piritsi la njoka lomwe timapereka pa miyezi 3 iliyonse lija ndi lofunika, koma kumwa kamodzi sikuthetsa giardia. Akakuuzani m'sitolo ya zaulimi kuti albendazole wa mbuzi ndi chimodzimodzi, kanani. Ameneyo kwa galu amatha kuwononga mafuta a m'kati mwa mafupa omwe amapanga magazi.

Mwatchula German Shepherd ndi thupi losabwera, ndiye muwakumbutse adokotala za kapamba (pancreas). Agalu ena a mtundu umenewu kapamba wawo amasiya kutulutsa madzi ogaya chakudya. Galu wotere amadya kwambiri koma n'kumaondabe, chimbudzi chake chimakhala chochuluka, chotuwa komanso chonona. Amapima magazi, dzina la kupimako ndi TLI, ndipo chithandizo chake ndi ufa wa ma enzyme ogaya chakudya wosakaniza m'chakudya moyo wake wonse. Palibe thumba la chakudya lomwe lingakonze zimenezo palokha.

Tsopano chimbudzicho muzichiyang'ana ndithu, chifukwa ndicho chimasonyeza komwe kwavuta. Chikamatuluka chambiri nthawi imodzi, chamadzi, kawiri kapena katatu pa tsiku, galu n'kumaonda, vuto lili m'matumbo aang'ono ndipo amafuna chakudya chosavuta kugaya, chochepa mafuta. Chikamatuluka pang'onopang'ono koma pafupipafupi, galu akukankha movutika, chili ndi zonanda kapena timadontho ta magazi ofiira, vuto lili m'matumbo aakulu ndipo kawirikawiri dzungu kapena chakudya china chokhala ndi fibre, ulusi wa m'zomera womwe sugayika, chimathandiza. Anthu amasokoneza ziwirizi n'kumupatsa galu woonda madeya ambiri, chimbudzi n'kuwirikiza.

Tsiku lomwe watsekula chitani chonchi. Ngati akusanzanso, mupumitseni kudya maola 12 koma madzi asasowe. Izi ndi za galu wamkulu, mwana wa galu sagonekedwa ndi njala. Kenako wiritsani chidale cha nkhuku chochotsa khungu ndi mafupa, m'madzi okha, opanda mchere, anyezi kapena mafuta. Msuzi woyandama mafuta uja tayani. Mpunga woyera uphikeni upse mpaka kufewa kwambiri. Magawo awiri a mpunga, gawo limodzi la nkhuku. Kwa galu wa makilo 25, magalamu 400 a mpunga wophika ndi magalamu 200 a nkhuku yophika ndi okwanira pa tsiku loyamba, ndipo muwagawe kanayi, magalamu 150 nthawi iliyonse. Mutha kuwonjezera masupuni aakulu awiri a dzungu lowiritsa pa tsiku. Chakudyachi ndi chochepa dala, chili ndi ma kcal (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 800 pomwe galu wa msinkhu umenewu akakhala bwino amafuna pakati pa 1,250 ndi 1,400. Chimbudzi chikayamba kuumbika, nthawi zambiri pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, onjezani mlingo.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pobwerera ku chakudya cha masiku onse, ndipo ndikuganiza kuti ndi zomwe zimachitika kwanuko mukagula thumba kumapeto kwa mwezi. Dzulo nsima, lero mbale yodzaza ndi cha m'thumba. Tizilombo tabwino ta m'matumbo timazolowera chakudya chimodzi, mukasintha mwadzidzidzi galu aliyense amatsekula, ngakhale chakudyacho chikhale chabwino. Sinthani kwa masiku 7 mpaka 10: masiku awiri kapena atatu oyamba gawo limodzi la chatsopano pa magawo anayi, kenako theka ndi theka, kenako magawo atatu, pomaliza chonse. Chimbudzi chikafewa panjira, bwererani pa mlingo wa dzulo mukhalepo masiku ena awiri. Mtundu uliwonse muupatse masabata osachepera 2 mpaka 3 musanaugamule kuti walephera.

Thovu lachikasu la m'mawa ndi ndulu. Galu wodya kamodzi pa tsiku amakhala nthawi yaitali m'mimba mulibe kanthu, ndulu imabwerera m'chifu n'kumamuwawa. Gawani chakudya chomwecho kawiri kapena katatu, kagawo komaliza mumupatse musanagone. Kwa agalu ambiri zimathera pomwepo.

Mlimi wa ku Makeni:

A ku Chelstone afotokoza bwino koma nkhani ya chimanga aidumpha. Ine ndikanati nsimayo ayiimike kaye. Tisaiwale kuti mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa muno mu Zambia atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, ndipo ufa wa zigayo zina utapimidwa unapezeka nayenso. Chinali chaka cha chilala chija, chimanga chikavutika ndi dzuwa m'munda chuku sichichedwa kulowa. Poizoniyu sathedwa ndi moto, muphike nsima maola angati adzakhalapobe, ndipo nthawi zambiri saoneka kapena kununkha. Amawononga chiwindi, ndipo agalu sapirira naye.

Choipa n'chakuti galu ndi amene timamupatsa zotsika: madeya, ufa womwe wakhalitsa, chimanga chosankhidwa chomwe anthu akana. Galu akayamba kukana chakudya chomwe amachikonda, kusanza, maso ndi nkhama kuchita chikasu, musamukakamize pothira msuzi. Siyani ufawo kapena thumbalo, sungani pang'ono kuti akapime, thamangani naye kwa dokotala.

Woweta ma Boerboel ku Lilayi:

Abambo a ku Makeni, za chuku sindikutsutsa, ufa womwe munthu sangadye galunso asadye. Koma galu wa amayiwa akusewera, akuuwa, ndipo vuto lake limabwera n'kupita. Aflatoxin sachita choncho. Chimanga chabwino chophikidwa mokwanira agalu ambiri amachigaya popanda vuto, ndipo pa zakudya zomwe thupi la galu limadana nazo, zotsogola ndi nyama ya ng'ombe, mkaka, nkhuku ndi tirigu, chimanga chili kumbuyo kwambiri. Tikachitsutsa chimanga timasiya wolakwa weniweni ali m'mbale momwemo.

Wolakwayo ndi sawdust ndi zotsala za patebulo. Sawdust ndi zomwe zimagwa pa makina ochekera nyama: fupa loperedwa, mafuta a m'mafupa, mafuta a nyama, nyama yeniyeni pang'ono. Lero mugula wochuluka mafuta, galu atsekula. Sabata yamawa mugula wochuluka fupa, chimbudzi chituluka choyera chouma, galu akuvutika kuchita. Ndiye sabata yabwino ndi sabata yoipa zomwe amayi akunenazo. Komanso amakhala ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku zosakanikirana, ndipo wakhala pamakina tsiku lonse kukutentha. Kwa galu wa m'mimba molimba amapita, kwa uyu ayi. Mafuta ndi omwe amachedwa kwambiri kuchoka m'chifu, ndipo akachuluka nthawi imodzi, monga makungu a nkhuku kapena mafuta otsala pa braai, amatha kutupitsa kapamba. Galu wotupa kapamba amasanza mobwereza, amapinda msana, safuna kumugwira pamimba.

Ndiwo zathu nazo taganizani zomwe zimalowamo: saladi wophikira, mchere, tomato, tsabola, anyezi. Anyezi ndi adyo, zaziwisi kapena zophika, zimaphwanya maselo ofiira a magazi a galu, ndipo pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku zimawunjikana. Mafupa ophika a nkhuku ndi a nsomba amathetheka n'kukanda matumbo. Muwauze onse a pakhomo, ana ndi wogwira ntchito pabwalo yemwe, apo ayi mudzayesa chakudya chatsopano wina akumuponyera mkute kuseri kwa nyumba. Dzala la zinyalala nalo likhale lotchinga.

Nsimayo ngati mupitiriza, ufa ukhale womwe mukudya inu, ndipo ipse ndithu, yofewa kuposa ya anthu. Nsima ya galu imakonda kuphikidwa mothamanga, mphindi zochepa yaphulidwa, ufa wosapsa umakawira m'matumbo, ndiwo mpweya ndi kulira kwa m'mimba kuja. Breakfast meal ndi wosavuta kugaya kuposa roller meal chifukwa madeya ake ndi ochepa.

Pa za thumba, liwu loti sensitive kutsogolo lisakutengeni mtima, tembenuzani muwerenge kumbuyo. Zosakaniza amazilemba kuyambira chochuluka kwambiri. Funani thumba lomwe latchula nyama yake ndi dzina, nkhuku kaya nkhosa kaya nsomba, osati longoti meat and animal derivatives, chifukwa limenelo nyama yake imatha kusintha thumba ndi thumba. Mafuta akhale pakati pa 10 ndi 14 peresenti, fibre pafupifupi 2 mpaka 4. Galu amene anatupapo kapamba amafuna mafuta osapitirira 10 peresenti. Cha m'chitini chimanyenga: akalemba mafuta 5 peresenti ndi madzi 78 peresenti, chouma chake ndi 22, ndiye 5 kugawa ndi 22 ndi pafupifupi 23 peresenti, chonona kuposa cha m'thumba. Matumba ochokera ku South Africa amakhala ndi nambala yoyamba ndi V pansi pa lamulo la kumeneko lotchedwa Act 36 of 1947, kusonyeza kuti analembetsedwa. Lopanda nambala, lopanda tsiku lothera, loyezedwa m'mapepala a pulasitiki kumsika, lisiyeni. Hill's i/d ndi Royal Canin Gastrointestinal ndi zopangidwira vuto lomweli ndipo zimagwira ntchito, koma zimagulidwa kudzera kwa a veti ndipo si galu aliyense amene ayenera kufika pamenepo.

Mayi wa ku Chilenje:

Zikomo kwambiri nonse, sawdust ndi zotsala tisiya. Ndifunseko zina. Mpunga ndi nkhukuzo zikamuyanja, ndingapitirize nazo mpaka kale? Nanga kapenta ndi mabisi ndi zabwino? Komanso a neba akuti ndimupatse Flagyl akatsekula.

Wa zaziweto ku Chelstone:

Mpunga ndi nkhuku zokha ndi za masiku ochepa, osapitirira sabata. Mulibe calcium wokwanira, mulibe mafuta ofunika pakhungu ndi mavitamini angapo. Galu akakhala pa zimenezi miyezi, ubweya umayamba kuthothoka ndipo mafupa amafooka. Ngati mukufuna kumaphika nokha, pa tsiku kwa galu wa makilo 25 muyeze magalamu 180 a mpunga kapena ufa musanaphike, magalamu 300 a nyama yophika yopanda mafuta, magalamu 100 a dzungu kapena kandolo, magalamu 20 a chiwindi, ndi supuni yaikulu imodzi ya mafuta a mpendadzuwa. Mafutawo yambani ndi supuni yaing'ono muzikweza pang'onopang'ono. Chiwindi musapitirire pamenepo, chikachuluka chimatsekula. Zonse pamodzi ndi ma kcal pafupifupi 1,300. Calcium mumutenga ku makoko a mazira: wiritsani, umitsani, sinjani akhale ufa, muthire magawo atatu mwa anayi a supuni yaing'ono pa tsiku. Pamwamba pake pamafunikabe mavitamini a agalu ochokera kwa a veti, osati a anthu. Sikelo ya kukhitchini ndi yofunika, kuyeza ndi maso kumanamiza. Muzimuyeza galuyo pa masabata awiri aliwonse, nthiti zizimveka mukasisita koma zisamaoneke patali, ndipo muziwonjezera kapena kuchotsa gawo limodzi mwa magawo khumi. Mlingo umenewu ndi wa galu wamkulu, osaugwiritsa ntchito kwa mwana wa galu wa mtundu waukulu yemwe mafupa akukula.

Mukachotsa njoka, mafuta ndi zotsala koma n'kumatsekulabe, makamaka ngati akukandanso, kunyambita zala kapena makutu akumatupa, ndiye tiganizire kuti thupi lake likudana ndi nyama ina. Apa mumasankha nyama imodzi yomwe sanadyepo, kwa agalu ambiri a muno ndi mbuzi kapena kalulu, ndi chokhutitsa chimodzi, mpunga kapena kandolo, basi. Chiwindi chikhale cha nyama yomweyo. Osamupatsa fupa, bisiketi kapena dzira. Za m'mimba zimasintha pa masabata awiri kapena atatu, za pakhungu zimafuna masabata 8. Akachira mumabwezera chakudya chakale chimodzi, mwachitsanzo ng'ombe, n'kudikira mpaka masabata awiri. Akayambiranso mwamupeza mdani. Njira ina ndi chakudya chomwe nyama yake inaphwanyidwa tizidutswa tosazindikirika ndi thupi, monga Hill's z/d kapena Royal Canin Hypoallergenic. Kupima magazi kapena ubweya kuti aone chakudya chomwe galu amadana nacho n'kutaya ndalama, zotsatira zake sizodalirika.

Kapenta ndi wabwino ngati wowonjezera, koma wouma amakhala ndi mchere ndi mchenga. Munyikeni m'madzi, tsukani kawiri, wiritsani osakazinga, kadzanja kamodzi kawiri pa sabata. Wonunkha moipa asadye. Mkaka wa ng'ombe agalu akuluakulu ambiri saugaya bwino. Mabisi ndi opepukirapo chifukwa shuga wa mu mkaka wachepa, komabe pa nthawi yoyesa chakudya musamupatse. Ngati mukufuna chothandiza tizilombo tabwino ta m'matumbo, funsani probiotic wa agalu monga Pro-Kolin.

Flagyl ayi, pokhapokha dokotala atalemba. Amaumitsa chimbudzi masiku ochepa, n'chifukwa chake anthu amamukhulupirira, koma amaphanso tizilombo tabwino ndipo matumbo amatenga masabata kuti abwerere. Mlingo ukapitirira galu amadzandira, maso amagwedera, ena amakomoka. Brufen ndi diclofenac ndiye zoopsa zedi, zimaboola chifu ndi kuwononga impso.

Mlimi wa ku Makeni:

Ndavomera za sawdust. Ndiwonjezere za kasungidwe, chifukwa chakudya chabwino chimawonongekera pakhomo. Cha m'thumba chili ndi mafuta opopera pamwamba, kutentha kwa mu Okutobala kumawavunditsa, chinyezi cha dzinja chimabweretsa chuku. Gulani thumba lomwe litha pa masabata 4 mpaka 6 mutalitsegula, kwa galu mmodzi la makilo 20 ndi lalikulu. Musakhuthulire m'ndowa, ikani thumba lomwelo m'ndowa ya chivindikiro, pamalo ozizira, osati pasimenti kapena m'galaja ya malata. Mukakhuthulira, mafuta akale amamatirira m'mbali n'kuwononga chatsopano.

Chophika chimakhala masiku 3 m'firiji, koma malaiti akamazima maola ambiri musadalire zimenezo. Phikani cha masiku awiri, kapena gawani nyama m'timapaketi ta tsiku limodzi muumitse mu freezer. Chomwe wasiya m'mbale chichotseni pakatha mphindi 20. Mbale izitsukidwa ndi sopo tsiku lililonse, ndipo madzi akhale omwe mukumwa inu, pafupifupi lita imodzi ndi theka pa tsiku kwa galu wa makilo 25, kukatentha kuposa pamenepo.

Woweta ma Boerboel ku Lilayi:

Amayi, zonsezi ndi za galu amene akudya ndi kusewera. Musayese za mpunga kunyumba mukaona chimbudzi chakuda bii kapena cha magazi ambiri, kusanza ngakhale madzi, kutsekula kopitirira masiku awiri, kapena khungu la pakhosi likamachedwa kubwerera mukalikoka. Nkhama zoyera kapena zachikasu ndi mkodzo wofiirira kawirikawiri ndi matenda a nkhupakupa, ndipo sadikira. Mwana wa galu wosabaya katemera akatsekula ndi kusanza, ganizani za matenda a parvo tsiku lomwelo. Muonenso kusanzako: chakudya chikamangobwerera chosagayika, galu osadzikoka pamimba, vuto likhoza kukhala kummero. Kuno kum'mwera kwa Africa kuli nyongolotsi yotchedwa Spirocerca lupi yomwe galu amaitenga podya tizikumbu ta pa ndowe kapena abuluzi, imachita zotupa m'njira ya chakudya, ndipo piritsi wamba la njoka siliyipha.

Agalu a chifuwa chakuya ngati German Shepherd ndi Boerboel ali ndi ngozi inanso: chifu chimatha kufufuma n'kupotoka, makamaka akadya mbale yaikulu kamodzi mothamanga. Mimba imatupa n'kulimba, galu amayesa kusanza osatulutsa kanthu, dovu lili chuchuchu, sakhazikika. Pamenepo ndi opaleshoni ya maola omwewo, ngakhale pakati pa usiku, ndiye nambala ya a veti otsegula usiku muikhale nayo mufoni. Ngati amameza mothamanga, mwazani chakudyacho m'thireyi yotakata, ndipo asathamange kwa ola limodzi akatha kudya.